Kwateti yathu yakalamba: tilowetse wina kapena titsanzike?

Funso

"Ndine mayi, ndimaimba chelo mu kwateti ya zoimbira za nsambo, mavayolini awiri, viyola ndi chelo. Takhala tikuimba limodzi zaka zoposa 30 osasintha munthu. Si ntchito imene timadyerapo, koma chaka chilichonse timakhala ndi makonsati angapo ndipo tili ndi anthu amene amatitsata. Vuto ndi lakuti bambo amene amaimba viyola, omwe ndi aakulu kwa tonsefe, dzanja lawo la uta layamba kunjenjemera, makamaka pa manoti aatali oimba pansipansi, ndipo phewa limawapweteka tikangodutsa ola limodzi. Iwo sananenepo kanthu, ifenso tikuopa kuyambitsa nkhaniyi. Mnzathu wina akuti tipeze wachinyamata alowe m'malo mwawo. Wina akuti titseke gulu ndi konsati yotsanzika, ndipo akufuna tidzaimbe kwinteti (nyimbo ya oimba asanu) ya Schubert ngati mmene anachitira a Emerson String Quartet. Tichite chiyani? Ngati n'kutsanzika, tikonze bwanji kuti bambowa asakachite manyazi pamaso pa anthu?"

Yankho

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Pamene mwafikapa si polephera. Kwateti iliyonse imene yakhalitsa imafika pa mphambano yomweyi, ndipo ngakhale magulu otchuka padziko lonse sanatenge njira imodzi. Amadeus Quartet inayamba ku London mu 1947 ndipo anthu anayi omwewo anaimba limodzi zaka 40. Woimba viyola wawo, Peter Schidlof, atamwalira mu 1987, atatu otsalawo sanafune wina ayi, anangotseka. Alban Berg Quartett ya ku Vienna itataya woimba viyola Thomas Kakuska mu 2005, inatenga wophunzira wake Isabel Charisius, n'kupitiriza mpaka 2008. Juilliard String Quartet inayamba mu 1946 ndipo ikuimbabe, koma mwa amene anaiyambitsa palibe ndi mmodzi yemwe amene watsalamo. A Emerson amene mwawatchulawo anasintha woimba chelo mu 2013, pamene Paul Watkins analowa m'malo mwa David Finckel, ndipo anaimbanso zaka 10 asanatsanzike.

Choncho njira zonse ziwiri n'zolemekezeka. Funso loti mudzifunse atatunu ndi ili: kodi mukufuna kuimbabe pagulu zaka zina zisanu kapena kuposerapo? Ngati yankho ndi inde wochokera pansi pa mtima, kulowetsa munthu n'kwanzeru. Ngati ndi "mwina chaka chimodzi kapena ziwiri", ine sindingakulangizeni kutero, chifukwa nthawi yonseyo idzathera pomuzoloweza.

Anthu ambiri amaganiza kuti wachinyamata waluso akangowerenga manoti molondola ndiye basi zatheka. Sizili choncho. Chimene anthu anu amabwera kudzamva ndi zinthu zing'onozing'ono zimene munagwirizana kalekale mpaka munaiwala kuti munagwirizanapo: liwiro limene uta umayenda pa noti yaitali, kukula kwa vibrato (kugwedeza chala pa nsambo kuti noti imveke yogwedera), amene amapumira mpweya kuti nonse muyambe pamodzi. Tengani nkhani yochuna yokha. Viyola ndi chelo zonse zili ndi nsambo za C, G, D ndi A. Mukachuna kuchokera pa A kutsika, nsambo iliyonse yoyera bwinobwino ndi inzake, C amakafika pansi pang'ono, moti akakumana ndi E wa vayolini makutu amamva kuti pali mkangano. Pachifukwa chimenechi makwateti ambiri amakweza G ndi C pang'ono zedi, ndipo gulu lililonse lili ndi muyeso wakewake umene sunalembedwe paliponse. Inu ndi bambowa mwakhala mukugwirizanitsa C wanu zaka 30. Komanso viyola ndi imene kawirikawiri imagwira noti yapakati m'makodi (manoti angapo omveka pamodzi), noti imene ikakwera pang'ono chabe mawu a gulu lonse amauma. Kuti munthu watsopano alowe m'zimenezi pamatenga chaka, nthawi zina ziwiri.

Koma musanasankhe chilichonse, pali zinthu ziwiri zimene zatsalira m'mbuyo: kulankhula nawo, ndi kuchipatala. Dziwani kuti bambowa akudziwa kale. Woimba amamva uta ukunjenjemera m'zala miyezi yambiri ena asanayambe kumva ndi makutu, ndipo mwina akungokhala chete poopa kukukhumudwitsani. Apite munthu mmodzi, amene amamasukirana naye kwambiri, kwina kosakhala pa pulakatisi. Musawakhalire atatu ngati bwalo la milandu. Yambani ndi phewa, chifukwa kupweteka munthu amavomera msanga kusiyana ndi kunjenjemera, ndipo afunseni zimene iwo akufuna musananene zimene mwaganiza. Akadzamva kuti munakambirana kale za wolowa m'malo iwo kulibe, bala lake silidzapola ndi konsati iliyonse.

Zakuchipatala ndikuziika patsogolo chifukwa si kunjenjemera konse kumene kuli kwa ukalamba, ndipo kwina kumachizika. Kuli kunjenjemera kumene kumabwera dzanja likamagwira ntchito, monga ponyamula kapu kapena poyendetsa uta, n'kuchepa likapuma. Kumeneku kumakonda kuyenda m'banja, kumagwira manja onse awiri, ndipo kumakula munthu akatopa, akada nkhawa kapena akamwa khofi wambiri. Kuli kwina kumene kumaoneka dzanja lili phee pamwendo, mbali imodzi yokha, pamodzi ndi kuchedwa kwa thupi ndi zilembo zimene zikunka zichepa polemba. Kumeneko n'kofunika dokotala wa minyewa aone, chifukwa matenda a Parkinson amayamba motero. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira chimanjenjemeretsanso, monganso mankhwala ena, kuphatikizapo opopera a mphumu. Ndiye palinso vuto la oimba lotchedwa focal dystonia, pamene chala chimapindika kapena kukana kumvera pa choimbira pokha, popanda kupweteka, pomwe pa ntchito zina chili bwinobwino. Limeneli silitha ndi kulimbikira pulakatisi, ndipo kulimbikirako kumalikulitsa. Phewa nalonso likhoza kukhala gwero la zonse: minofu yozungulira phewa ikatupa, munthu amaumitsa mkono kuti asamve ululu, ndipo mkono wouma ndi umene umadumphitsa uta.

Apite ndi viyola yawo kwa dokotala ndi kwa a mafizo, akaimbe pamaso pawo, chifukwa vuto limene limaoneka poimba silioneka munthu atangotambasula manja. Asadikire kuti konsati idutse kaye. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ndipo ngati dzanja litafooka mwadzidzidzi, nkhope kupotoka, mawu kusokonekera, kapena phewa kupweteka pamodzi ndi chifuwa ndi kubanika, kumeneko n'kothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Mosakayikira wina adzawauza za mankhwala a propranolol, amene oimba ambiri amamwa kuti manja adekhe. Amathandizadi anthu ena, koma ndi oyenera kulemberedwa ndi dokotala. Kwa munthu wa mphumu kapena amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono ndi oopsa, ndipo kwa wa shuga amabisa zizindikiro zoti shuga watsika. Asabwereke kwa mnzawo, ndipo dokotala akawalembera ayambe kuwayesa pa pulakatisi, osati tsiku la konsati. Pa ulendo womwewo nonse anayi mukayezetse makutu. Kumva mawu okwera kumachepa ndi zaka, ndipo oimba vayolini ndi viyola khutu lakumanzere ndi limene limalandira phokoso lambiri.

Choimbira chenichenicho chikhozanso kupeputsidwa. Viyola ilibe muyeso umodzi: thupi lake limayambira pa masentimita 38 kufika 43, pomwe la vayolini ndi pafupifupi 35.5. Ngati yawo ndi ya 42, kubwereka ya 39 kapena 40 kumafupikitsa mtunda umene mkono wakumanzere umatambasuka, ndipo phewa limapuma. Uta wa viyola umalemera pafupifupi magalamu 70, koma ulipo wopepukirapo. Apa muyese mosamala, chifukwa kwa anthu ena uta wopepuka kwambiri umadumpha msanga, ndipo wolemera pang'ono ndi umene umakhazikika pa nsambo. Nsambo zofewerapo, chogonekapo chibwano chokhala pakati, ndi mlatho (kathabwa konyamula nsambo) wotsitsidwa pang'ono ndi wokonza zoimbira, zonsezi zimachepetsa mphamvu imene ikufunika. Kungoti kusintha kulikonse kumasuntha malo a zala, choncho kuchitike miyezi itatu kapena kuposerapo konsati isanafike.

Tsopano ku nyimbo, kumene ndili ndi mawu ambiri. Ndikumvetsa chifukwa chake mnzanuyo akufuna Schubert. A Emerson, amene anayamba mu 1976, anatsanzika mu Okutobala 2023 ku Alice Tully Hall mu mzinda wa New York ndi kwateti ya Beethoven ya Op. 130 yothera ndi chigawo chotchedwa Grosse Fuge, kenako kwinteti ya Schubert ya mu C, David Finckel atabwerera kudzaimba chelo yachiwiri. Inali pulogalamu yokongola. Schubert analemba kwinteti imeneyi mu 1828, miyezi yochepa asanamwalire ali ndi zaka 31, ndipo sinamveke pagulu mpaka 1850. Koma iliyonse ya nyimbo ziwirizi imatenga mphindi pafupifupi 50, ndipo a Emerson anali anthu oimba tsiku ndi tsiku, amene analengeza za kutsanzika kwawo mu 2021 n'kukhala ndi zaka ziwiri zokonzekera. Kwa phewa limene limayamba kudandaula pakatha ola, katundu ameneyu ndi wolemera.

Vuto lalikulu silili pa kutalika pokha. Tsegulani chigawo chachiwiri cha kwintetiyo, Adagio (kutanthauza choyenda pang'onopang'ono), muone amene wapatsidwa chiyani. Chelo yachiwiri ikukodola nsambo ndi chala, vayolini yoyamba ikuponya timawu tifupitifupi pamwamba, ndipo nyimbo yeniyeni ili m'manja mwa atatu apakati: vayolini yachiwiri, viyola ndi chelo yoyamba. Atatuwa amakoka manoti aatali, mwakachetechete, uta ukuyenda ngati sukuyenda, kwa mphindi zingapo. Pa dzanja lonjenjemera palibe malo ovuta kuposa amenewa. Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa pofuna kuchitira chifundo mnzawo wachikulire. Amamusankhira nyimbo zoyenda pang'onopang'ono poganiza kuti n'zosavuta, pomwe uta umene ukuthamanga umakhazikika wokha ndipo woyenda pang'onopang'ono ndi umene umaulula chilichonse. Pa chifukwa chomwechi pewani Adagio ya Barber, imene ndi chigawo chapakati cha kwateti yake ya 1936, ndi kwateti ya nambala 15 ya Shostakovich ya 1974, imene zigawo zake zonse zisanu ndi chimodzi n'zoyenda pang'onopang'ono. Muonenso poyambira pa nyimbo. Kwateti yoyamba ya Smetana, ya nambala 6 ya Bartók ndi "American" ya Dvořák zonse zimapereka nyimbo yoyambirira kwa viyola, panthawi imene manja sanatenthe ndipo mtima ukugunda kwambiri.

Maganizo oitana munthu wachisanu ndi abwino, kungoti ine ndikanaitana viyola yachiwiri osati chelo. Mozart analemba makwinteti a maviyola awiri, ndipo awiri a mu 1787, K. 515 ya mu C ndi K. 516 ya mu G minor, ali m'gulu la nyimbo zake zapamwamba kwambiri. Iliyonse ndi ya mphindi pafupifupi 35. Mu K. 515, chigawo cha Andante ndi macheza a vayolini yoyamba ndi viyola yoyamba, ndiye bambowa akhoza kusankha okha: ngati dzanja likulola atenge yoyamba, ngati ayi atenge yachiwiri, mlendo anyamule zoonekerazo. Mlendoyo akakhala wophunzira wawo zimakoma kwambiri, ndipo ngati atatunu mukuganiza zopitiriza, mudzamumva mmene amakhalira pakati panu popanda kuchotsa munthu pa mpando.

Chigawo choyamba cha konsati chikhale cha anayinu nokha, chifukwa ndi chimene anthu abwerera. Sankhani kwateti imene mwaimba kambirimbiri, imene zala zimaidziwa ngakhale maso atadzaza misozi. Haydn amathandiza apa: makwateti ake ambiri ndi a mphindi 20 mpaka 25, ndipo katundu wolemera amakhala pa vayolini yoyamba. Ngati mukufuna kanthu kakafupi kowonjezera, pali Op. 103, kwateti yake yomaliza ya mu 1803, imene anangokwanitsa zigawo ziwiri mphamvu n'kumuthera. Ndi ya mphindi zongopitirira 10 ndipo ndi yodekha popanda kukhala yolira. Zonse pamodzi nyimbo zisapitirire mphindi 65 mpaka 75, ndi kupuma kwa mphindi 20 pakati. Nyimbo yatsopano imene simunaimbepo, ngakhale mwaikhumba zaka zonsezi, isalowe.

Pamene manoti aatali sangapewedwe, pali njira zowafewetsera. Kwezani liwiro pang'ono chabe, omvera sangazindikire koma dzanja lizindikira. Noti imene inalembedwa kuti ipite ndi uta umodzi igawidwe pawiri, ndipo bambowa asinthe uta pamene wina akusintha noti, kuti kusinthako kubisike. Poimba mwakachetechete, uta usunthire kufupi ndi bolodi la zala ndipo uyende mofulumirirapo ndi mopepuka, m'malo moukanikiza n'kuuchedwetsa. Noti yovuta iyambire pakati pa uta, osati kumunsi kwenikweni kumene kulemera konse kuli m'zala. Ndipo atulutse mpweya poyamba notiyo, chifukwa munthu wamantha amagwira mpweya ndipo phewa limakwera nawo. Zonsezi muzilembe ndi pensulo m'mapepala a nonse, kuti zikhale zosankha za gulu, osati chifundo kwa munthu mmodzi.

Tsiku musalilengeze dokotala asananene maganizo ake, komanso musanaimbe pulogalamu yonse kawiri, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamaso pa anthu ochepa. Mukamaliza afunseni bambowa za phewa m'mawa wa tsiku lotsatira, chifukwa ululu wa minofu umakonda kubwera mochedwa. Ngati wakula, chotsani nyimbo imodzi. Miyezi isanu ndi umodzi yokonzekera ndi yokwanira. Pulakatisi ikhale ya ola limodzi ndi theka, ndi kupuma pakatha mphindi 25 kapena 30 zilizonse, kawirikawiri koma mwachidule. Ubweya wa uta usinthidwe milungu iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike, kuti utomoni ulowerere. Nsambo zatsopano ziikidwe kutatsala mlungu umodzi kapena iwiri, chifukwa masiku oyambirira zimatambasuka ndipo sizisunga chuni. Zakalezo muzisunge m'bokosi, popeza nsambo ikaduka pa siteji yakale ndi imene imakhazikika msanga. Mapepala akulitsidwe, ndipo amene amavala magalasi adziwe kuti owerengera buku anapangidwira pafupi, pomwe pepala la nyimbo limakhala pa masentimita 60 mpaka 80. Muyeserere mu holo yeniyeniyo kamodzi, pa mipando yomweyo ndi magetsi omwewo, ndipo inu mayi muone ngati msomali umene chelo imaimirapo ukugwira pansi.

Kuyeserera komalizako mukujambule ndi mamaikolofoni omwewo amene mudzajambulire konsati. Awiri okwana, oikidwa pamodzi mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwanu, pamwamba pang'ono pa mitu yanu. Nthawi zambiri kuimba kwa tsiku limenelo kumakhala koyera kuposa kwa tsiku lenileni, ndipo kudziwa kuti muli nako kale kumachotsa mantha. Tsiku la konsati musaimbe pulogalamu yonse masana. Mphindi 30 n'zokwanira: kuchuna, poyambira pa chigawo chilichonse, basi.

Chimene chimagwetsa makonsati otsanzika kawirikawiri ndi mawu olankhula. Munthu amaimirira kuthokoza, pakhosi pamatseka, anzake misozi, kenako nonse mukuyenera kukhala pansi ndi kukoka noti yoyera. Manja a munthu amene wangolira amanjenjemera ngakhale ali wachinyamata. Mbiri ya gulu ndi zothokoza zilembedwe pa pepala la pulogalamu. Ngati pafunika wolankhula poyamba, akhale wina wosaimba, ndipo inu mukhale kuseri. Anuwo mawu adikire nyimbo yomaliza itatha. Matenda a munthu asatchulidwe pokhapokha mwiniwake atafuna. Nyimbo yowonjezera anthu akaomba m'manja ikhale imodzi, yokonzekeredwa kale, ya anayinu, ya mphindi zitatu kapena zinayi. Ambiri amalakalaka Cavatina, chigawo cha mu Op. 130 ya Beethoven ija, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa ndi nyimbo yofika pamtima kwambiri, moti inaikidwa pa chimbale chimene chinapita mumlengalenga ndi zombo za Voyager mu 1977. Koma ndi yoyenda pang'onopang'ono ndi yapansipansi, ndipo ikubwera pamene phewa latopa kale. Minueti kapena chigawo chomaliza cha Haydn yemweyo chidzakutulutsani muli chilili.

Konsati isanafike, khalani pansi anayinu mumalize tinkhani timene timadanitsa anthu pambuyo pake. Kodi atatu akapitiriza adzagwiritsa dzina lomwelo? Ndalama zotsala zigawidwa bwanji? Zoimbira kapena mauta obwereka abwerera liti kwa eni ake? Gwirizananinso tsiku loyamba lodzakumana kunyumba kudzangoimba popanda omvera, chifukwa kusiya siteji si kusiya kuimba, ndipo munthu amene wazolowera pulakatisi ya mlungu ndi mlungu kwa zaka 30 ikangoduka amasungulumwa kwambiri. Mukaona kuti wina wayamba kudzipatula, sakugona kapena sakufunanso kukhudza choimbira kwa milungu yambiri, mulimbikitseni kukaonana ndi dokotala kapena mlangizi.

Mapepala anu a nyimbo musawalekanitse. Zigawo zinayi za nyimbo imodzi zikhale m'chikwama chimodzi, chifukwa zolemba za pensulo za viyola zimamveka pokhapokha zikayang'anidwa pamodzi ndi za chelo, ndipo kwateti ya achinyamata imene ingazilandire ikhoza kuphunziramo zimene palibe mphunzitsi angaiuze pa ola limodzi. Aliyense akafuna zake, jambulani makope. Pojambulapo makina muwadetse kuposa nthawi zonse ndipo muone tsamba loyamba musanapitirize, chifukwa pensulo yakale imafufutika pa kope, manoti osindikizidwa okha n'kutsala.